A Leba Akafika Pachipata

 Mwambo wathu umafuna kuti mlendo akafika pakhomo pa eni ake ayambe waodira ali chiimire pabwalo, ndipo asaponde pakhonde mwini nyumba asanamuyankhe. Koma m'dziko muno muli mlendo mmodzi amene lamulo lidamumasula ku mwambo umenewu. Iyeyu angathe kufika pa fakitale, pa esiteti, pa sitolo ngakhale pa chigayo, usana kapena usiku, osatsogoza mthenga, ndipo mwini malo alibe mphamvu yomubweza pachipata. Mlendo ameneyu ndi ofesala wa Boma woyendera malo a ntchito, amene ambirife timangomutcha kuti wa ku Leba.

Ofesi ya Leba timaidziwa mbali imodzi yokha. Timaikumbukira ntchito ikatha moipa, munthu atachotsedwa popanda malipiro ake, n'kupita kukakhala pa benchi kudikira kuti abwana aitanidwe. Imeneyo ndi ntchito yoyanjanitsa anthu mkangano utabuka kale. Ilipo ntchito ina, yaikulu kuposa imeneyi, imene ofesala amaigwira atanyamuka pampando wake: kupita komwe anthu akukhetsa thukuta ndi kukaona ndi maso ake ngati lamulo likutsatidwa, pasanapezeke wodandaula, chala cha munthu chisanaduke. Pakuti lamulo lolembedwa m'buku ku Lilongwe lilibe miyendo. Silingadziyendere lokha kukafika ku Makata, ku Kanengo kapena ku Luwinga. Limafika pokhapokha munthu atalinyamula.

Mfundo imeneyi idayamba kuonekera poyera kutali ndi kuno, ku Britain, kumene kudayambira mafakitale aakulu. M'chaka cha 1802 nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo loteteza ana amene ankagwira ntchito m'mafakitale opota thonje, koma udindo woona ngati likutsatidwa udasiyidwa m'manja mwa akuluakulu a m'madera momwemo, amene kawirikawiri ankadyera mbale imodzi ndi eni mafakitalewo. Lamulolo lidangogona tulo. Patapita zaka 31, mu 1833, padabwera lamulo lina loletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 9 m'mafakitale ambiri a nsalu, ndiponso lochepetsa maola a ana okulirapo. Chachilendo m'lamulo lachiwirili chidali chakuti Boma lidalemba anthu 4, olandira malipiro kuchokera ku Boma lenilenilo, kuti aziyendera mafakitale ndi kutengera kubwalo la milandu onse ophwanya lamulo. Anthu 4 adali ochepa zedi, komabe kuyambira pamenepo mwini fakitale adadziwa kuti tsiku lina chitseko chingagogodedwe ndi munthu amene sadamuitane.

Mu 1919 maiko adakhazikitsa bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, lija timalitcha ILO, ndipo mu 1947 bungweli lidalemba Pangano la nambala 81, lofotokoza m'mene dziko lililonse liyenera kuyendera malo ake a ntchito. Dziko la Malawi lidavomera panganoli mu 1965, patangopita chaka chimodzi chilandirire ufulu wodzilamulira. Mu 1971 lidavomeranso Pangano la nambala 129, limene limafikitsa kuyenderaku m'minda ndi m'maesiteti. Kwa dziko ngati lathu, limene chuma chake chagona pa fodya, tiyi ndi shuga, pangano lachiwirili ndilo likutikhudza kwambiri.

Nanga malamulo amene woyendera amanyamula ndi ati? Muzu wake uli m'Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino, limene likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, pamalo osaopseza moyo wake, ndi kulandira malipiro oyenera. Pa muzu umenewu padaphuka malamulo angapo. Lamulo la Employment Act la mu 2000 limanena za malipiro, maola, tchuthi ndi kuchotsana ntchito. La Occupational Safety, Health and Welfare Act la mu 1997 lidaika malangizo a chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito. La Workers' Compensation Act la mu 2000 limanena za chipepeso cha munthu wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito yake, pamene la Labour Relations Act la mu 1996 limanena za mabungwe a antchito ndi khoti loweruza milandu ya pantchito. Oyendera nawo alipo a mitundu iwiri, ngakhale kuti onse ndi a unduna umodzi woona za ntchito: maofesala a m'maboma, amene amafufuza za malipiro ndi mgwirizano wa pantchito, ndi akatswiri a zachitetezo, amene amayang'ana makina, mankhwala ndi nyumba zogwiriramo ntchito.

Mphamvu yoyamba ya woyendera, imene ndaitchula kale, ndiyo yofika mosayembekezeka. Pano ndiime pang'ono, chifukwa zonse zatsamira pamenepa. Ife amene tidadzera ku sukulu ya uphunzitsi tikudziwa bwino lomwe chimene chimachitika mphekesera ikamveka yakuti woyendera sukulu afika Lachinayi. Bwalo limasesedwa kawiri, miyala ya m'mbali mwa njira imapakidwa laimu, ndipo mabuku okonzera maphunziro amene adatsalira masabata atatu amalembedwa usiku umodzi pa nyali. Woyendera amaona sukulu yokongola, koma si sukulu imene ana amaphunziramo masiku onse. Pa fakitale n'chimodzimodzi. Abwana akadziwa tsiku, majombo ndi magolovesi zimatuluka m'nyumba yosungiramo katundu m'mawa, n'kubwereranso madzulo alendo atapita. Anyamata aang'ono amauzidwa kuti lero apume. Chitseko chothawira moto, chimene chimakhala chokhoma ndi loko chaka chonse poopa akuba, chimatsekulidwa. N'chifukwa chake lamulo limalola woyendera kufika osanena, ngakhale pakati pa usiku, popeza amene amaphika buledi, amene amalondera, ndi amene amayendetsa makina a shuga nyengo yodula nzimbe, ntchito yawo sioneka masana. Akafika amayenera kudzidziwitsa kwa mwini malo, pokhapokha ngati waona kuti kutero kuononga kafukufuku wake.

Mphamvu yachiwiri ndiyo yoitanitsa mabuku. Apa m'pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndi ntchito yotopetsa, yofuna munthu wodziwa masamu ndi wodekha mtima. Woyendera amatenga buku la malipiro, n'kuliika pambali pa buku lolembamo amene abwera kuntchito, n'kuyamba kufananitsa mzere ndi mzere.

Choyamba amayang'ana ngati pali wina amene akulandira ndalama zochepera pa malipiro otsikitsitsa amene Boma lidalamula. Malipiro amenewa amasintha, motero ndi bwino kufunsa ku ofesi ya Leba kuti pakali pano ali pati. Mu 2021 adali K50,000 pamwezi. Kwacha itagwa mphamvu mu Novembala 2023 adakwezedwa kufika K90,000 mu 2024, kenaka K126,000 mu 2025, ndipo magulu ena monga antchito a m'nyumba adaikidwira mlingo wawowawo. Mlingo umenewu si mphatso yochokera kwa abwana, ndipo ngakhale wantchito atavomera yekha kulandira zochepa chifukwa cha njala, kuvomerako sikufafaniza lamulo.

Kenaka amawerenga maola. Lamulo likuti maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo opitirira apo ndi ovataimu, imene ili ndi mtengo wake. Tiyerekeze kuti munthu amalandira K600 pa ola. Akatsalira kuntchito tsiku wamba anzake ataweruka, ola lililonse loonjezera liyenera kumupatsa K900, ndiye kuti malipiro a ola limodzi ndi theka. Akaitanidwa pa tsiku lake lopuma, kapena pa tsiku la tchuthi cha dziko lonse, ola lililonse liyenera kumupatsa K1,200, ndiye kuti kawiri. Tsono taganizani mtsikana wogulitsa m'sitolo amene amatsekula 7 koloko m'mawa, n'kutseka 7 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Ngakhale titachotsapo ola la chakudya, iyeyu wagwira maola 66, kutanthauza kuti maola 18 sabata iliyonse ndi a ovataimu. Pa mtengo tayerekezawu ndi K16,200 pasabata, ndalama imene pakutha pa mwezi imaposa theka la malipiro ake onse. Kuba kwa mtundu umenewu kulibe phokoso, sikuthyola chitseko, ndipo wobedwayo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti wabedwa.

M'mabuku momwemo muyenera kuoneka tchuthi. Wogwira masiku 6 pasabata ayenera kupuma masiku 18 pachaka akulandira malipiro, ndipo wogwira masiku 5 ayenera kupuma masiku 15. Amene watha chaka pantchito akadwala, dokotala n'kuchitira umboni, ali ndi masabata 4 a malipiro athunthu ndi masabata 8 a theka la malipiro. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera 8 a malipiro athunthu kamodzi pa zaka 3 zilizonse, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Kuyambira mu 2021 bambo nayenso adapatsidwa masabata 2 oti akathandize kunyumba mwana akabadwa. Woyendera amafunsanso za kalata yofotokoza mgwirizano wa ntchito, ndi pepala limene wantchito ayenera kulandira pamodzi ndi malipiro ake, losonyeza zimene wapata ndi zimene zadulidwa. Pa zodulidwazo pali nkhani ya penshoni. Chiyambire 2011 olemba ntchito amayenera kulowetsa antchito awo ambiri mu thumba la penshoni, wantchito n'kumasonkha K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, abwana n'kumaikapo K10. Chomvetsa chisoni n'chakuti pali ena amene amadula ndalamayo mwezi ndi mwezi koma osaitumiza, ndipo munthu amadzazindikira atakalamba kuti nkhokwe imene ankaidalira ilibe kanthu. Pa mlandu uwu Banki Yaikulu ya dziko lino, imene imayang'anira mathumba a penshoni, nayonso ili ndi mphamvu.

Koma buku limanena zimene kalaliki walembamo. Alipo malo amene amasunga mabuku awiri, lina la alendo, lina lenileni. Alipo amene amasainitsa munthu pa ndalama ina, n'kumupatsa ina m'manja. Alipo amene amasunga munthu zaka 5 akumutcha waganyu, n'kumamuimitsa masiku ochepa miyezi ingapo iliyonse kuti asaoneke ngati wokhazikika. Ndiye chifukwa chake pali mphamvu yachitatu: woyendera amaloledwa kufunsa wantchito aliyense payekha, abwana kapena kapitawo palibe.

Omvera anzanga, pano m'pamene inu mumalowa m'nkhaniyi, ndipo ndikudziwa kuti si pophweka. Woyendera amabwera n'kupita, koma inu mumatsala ndi abwana anu, ndipo kunja kwa chipata kuli anthu ambirimbiri amene angalandire ntchito yanuyo mawa lomwe pa theka la malipiro anu. Munthu amene ali ndi ana asanu ndi lendi ya nyumba akayankha kuti "zonse zili bwino, bwana", sitingamuweruze msanga. Olemba malamulo adalidziwa vuto limeneli, ndipo adaika chitetezo chake. Woyendera saloledwa kuulula amene wadandaula. Saloledwa ngakhale kuuza mwini malo kuti wabwera chifukwa cha dandaulo; ayenera kufika ngati akungoyendera mwa nthawi zonse. Komanso kudandaula kwa Boma kapena kukhala m'bungwe la antchito si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito. Ichi chikutiphunzitsanso kanthu kena: ngati a Leba amafika pamalo pokhapokha wina akadandaula, chinsinsicho chimatha chokha, popeza abwana akangoona galimoto ya Boma amayamba kuwerenga nkhope kuti wandineneza ndani. Kuyendera kwa kawirikawiri, kopanda chifukwa chapadera, ndiko kumabisa wodandaula.

Atatseka mabuku, woyendera amayenda m'malo monse. Pa chigayo amayang'ana lamba ngati ali ndi chotchinga, pakuti lamba wosatchinga akakola malaya sasiya mkono. M'fakitale amayang'ana mawaya a magetsi, zozimitsira moto, njira zothawira, mpweya, kuwala, zimbudzi, madzi akumwa ndi bokosi la chithandizo choyamba. Boyila ndi zonyamulira katundu wolemera zimayenera kupimidwa ndi katswiri nthawi ndi nthawi, ndipo chikalata chake chizioneka. Pomanga nyumba zosanja amayang'ana makwerero ndi zipewa zolimba. M'migodi ya malasha ya ku Rumphi ndi m'malo ophwanya miyala vuto ndi fumbi, limene silipha lero koma limadya mapapo pang'onopang'ono, munthu n'kudzatsokomola ali kumudzi, abwana atamuiwala. Zovala zodzitetezera amagula ndi wolemba ntchito, ndipo si zoti azidula pa malipiro. Ngozi ikachitika iyenera kulembedwa ndi kunenedwa ku Boma. Kumupatsa wovulalayo ndalama ya thiransipoti kuti akachire kwawo mwakachetechete ndi njira yomulanda chipepeso chimene lamulo lidamuikira.

Tsopano tipite kumunda, kumene kuli anthu ambiri ndi oyendera ochepa. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka zapakati pa 14 ndi 18 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Wolemba ntchito ayenera kusunga kaundula wa onse osakwana zaka 18. Sitikunena za mwana wothandiza makolo ake kupalira Loweruka. Tikunena za mwana amene anzake ali m'kalasi iye akusoka fodya m'chigafa, akupopera mankhwala, kapena akuweta ng'ombe za eni kutali ndi kwawo. Tsamba la fodya likanyowa ndi mame limatulutsa chikonga chimene chimalowa pakhungu, mwana n'kumamva chizungulire, mutu ndi nseru, akulu n'kumati ndi malungo. Kafukufuku amene ofesi ya Boma yowerengera anthu idachita mu 2015 adapeza kuti ana 38 mwa 100 aliwonse a zaka 5 mpaka 17 ankagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ambiri a iwo pa ulimi. Kutsimikiza zaka za mwana lidali vuto la oyendera a ku Britain aja, popeza kalembera wa ana obadwa adayamba kumeneko mu 1837. Kuno nakonso mwana wa zaka 12 amatha kuphunzitsidwa kuyankha kuti ali ndi 16. Chiphaso cha unzika, chimene kalembera wake wamkulu adachitika mu 2017, pamodzi ndi chikalata cha kubadwa, ndi zida zimene zikuchepetsa bodza limeneli.

Ana ambiri otere sadalembedwe ntchito ndi wina aliyense. Ankalowa m'munda kudzera m'dongosolo la matenanti, limene ambiri a inu ku Kasungu, ku Mchinji, ku Mzimba ndi ku Rumphi mukulidziwa, monganso inu a ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe kumene mabanja ambiri ankachokera. Mwini esiteti ankagwirizana ndi bambo yekha, n'kumamupatsa chimanga ndi zipangizo pangongole, malipiro n'kudikira fodya akagulitsidwa. Kuti ndime ithe, mayi ndi ana ankalowa m'munda, koma m'buku munkaoneka dzina limodzi. Pakutha pa nyengo, ngongole ikachotsedwa, ena ankatsala opanda ngakhale ya basi yobwererera kwawo. Akuluakulu amene adamva za thangata kwa makolo awo sankavutika kuona kufanana kwake. Mu Novembala 2019 dziko la United States lidalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo makampani ena adaloledwanso kugulitsa mu 2020 atapereka umboni wa m'mene akuyendera alimi awo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha Employment Act ndi kuthetsa dongosolo la matenanti, kotero kuti wolima pa esiteti ayenera kulembedwa ngati wantchito wolandira malipiro. Taonani tsono: chimene ife tidachedwa kuchiyendera tokha, adadzatiyendera ndi ogula akunja, ndipo mtengo wake udagwera mlimi aliyense wa fodya, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Ngati kuthetsa kwa mu 2021 kudzakhale kwenikweni kapena kwa papepala, yankho lake lili pa njinga yamoto ya ofesala amene ayenera kukafika pa esiteti mwezi wa Febuluwale, misewu itaterera.

Pamenepa tafika pa chilonda. Pangano la nambala 81 likuti oyendera akhale okwanira, akhale ndi zoyendera, ndipo ntchito yawo ikhale yokhazikika kuti asagwedezeke ndi kusintha kwa maboma kapena ndi anthu amphamvu. Dziko lathu lili ndi maboma 28, ena a iwo aakulu kwambiri, ndipo si chinsinsi kuti maofesi a Leba akhala akudandaula za kuchepa kwa anthu, galimoto ndi mafuta. Ofesala wopanda mafuta amasanduka wolandira madandaulo basi. Choopsa kwambiri ndi pamene mwini esiteti anena mwaulemu kuti, "Musavutike, ndikutumizirani galimoto." Galimotoyo ikanyamuka, kufika mosayembekezeka kwathera pomwepo, ndipo n'kovuta kulembera mlandu munthu amene akudikira kukubwezani kwanu madzulo, mutadya nkhuku yake masana. Lamulo limaletsa woyendera kukhala ndi gawo m'bizinesi imene akuiyendera, ndipo chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Bungwe la Anti-Corruption Bureau lilipo chifukwa cha zoterezi. Ine ndikuona kuti ndalama ya mafuta a oyendera ndi imodzi mwa ndalama zopindulitsa kwambiri zimene Boma lingaononge, pakuti ndi yochepa poyerekeza ndi imene chipatala chimaononga pa munthu mmodzi wopserera m'fakitale.

Palinso malo amodzi amene mlendo wathu uja amayenera kuodira ngati wina aliyense. Nyumba yogonamo wolemba ntchito salowamo popanda chilolezo cha mwini wake kapena chikalata cha majisitireti. Lamuloli n'labwino poteteza ulemu wa pakhomo, koma zotsatira zake n'zakuti mtsikana wolera ana, wophika ndi wosamala maluwa ndiwo antchito amene diso la Boma siliwaona kawirikawiri. Ena mwa inu amene mukumvetsera muli ndi wantchito panyumba. Mukudziwa nokha nthawi imene amadzuka, nthawi imene amagona, ndi tsiku limene adapita kwawo komaliza. Lamulo la malipiro otsikitsitsa ndi la tchuthi limakhudza inunso, ngakhale kuti mwezi ukatha inu nomwe mumadandaula za abwana anu.

Ndisamveke ngati ndikunena kuti olemba ntchito onse ndi akambuku. Ambiri, makamaka a mabizinesi aang'ono, amalakwa chifukwa chosadziwa, ndipo ntchito ya woyendera si kugwira anthu kokha ayi, komanso kulangiza. Pangano lija limamupatsa ufulu wosankha kuchenjeza ndi kuphunzitsa m'malo mothamangira kukhoti. Kawirikawiri amalemba zimene wapeza, n'kupereka nthawi yoti zikonzedwe, ndipo amayenera kubweranso kudzaona. Ulendo wachiwiriwu ndi wofunika kuposa woyamba, chifukwa chenjezo losatsatiridwa limaphunzitsa mwini malo kuti a Leba ndi mvula ya mpoto, yongowaza n'kupita. Pamene pali choopsa chimene chingaphe munthu lero lomwe, kapena pamene wina wachenjezedwa n'kukakamira, mpamene pafunika dzanja lolemera, ndipo chindapusa chake chiyenera kukhala chowawa kuposa phindu la kuphwanya lamulo. Wolemba ntchito wachilungamo ayenera kukondwera ndi zimenezi. Kampani ya alonda imene imalipira ovataimu ndi penshoni singapikisane pa mtengo ndi inzake imene imagwiritsa anthu maola 12 usiku uliwonse pa malipiro osakwana. Popanda woyendera, wachilungamoyo ndiye amatseka bizinesi. N'chifukwa chake pokambirana za malipiro ndi malamulo a ntchito pamakhala mbali zitatu: Boma, bungwe la olemba ntchito la ECAM, ndi bungwe lalikulu la antchito la MCTU.

Kwa inu eni malo, dziwani kuti woyendera weniweni amakhala ndi chiphaso cha Boma, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuchiona. Munthu wobwera ndi chikwama n'kumafuna ndalama ya m'manja kuti nkhani ithere pomwepo, kaya ndi wonyenga kaya ndi ofesala amene, mukamunene. Koma amene wasonyeza chiphaso musamutsekereze, musamubisire mabuku, pakuti kutero pakokha ndi mlandu.

Kwa inu antchito, gulani kope, ndipo tsiku lililonse muzilembamo nthawi imene mwalowa, nthawi imene mwaweruka, ndi ndalama iliyonse imene mwalandira. Mapepala a malipiro musayatsire moto. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani kalata ya mgwirizano musanaibweze. Tsiku limene buku la kalaliki lidzatsutsane ndi mawu anu, kope limenelo lidzakuyankhulirani. Ngati simutha kulemba, mwana wanu wa sitandade 5 angakulembereni madzulo. Dandaulo mungathe kukalipereka nokha ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu, kapena kudzera kwa atsogoleri a bungwe lanu, ndipo simulipira kanthu.

Ngati mwachotsedwa ntchito ndipo mukuona kuti sizidayende mwachilungamo, kumbukirani kuti lamulo limafuna zinthu ziwiri kwa abwana: chifukwa chomveka, ndi mpata woti inu mudziteteze musanachotsedwe. Udindo wosonyeza chifukwacho uli pa iwo, osati pa inu. Koma nthawi ndi yowerengeka. Muli ndi miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule kwa ofesala wa zantchito wa m'boma lanu, ndipo iye akalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizi pasanathe mwezi umodzi, nkhani ingathe kupita ku Industrial Relations Court, imene ili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ambiri amataya miyezi imeneyi akudikira lonjezo lakuti "bwerani sabata yamawa", ndipo sabata yamawayo ikamakwana kakhumi ndi katatu, nthawi imene lamulo lidawapatsa imakhala itatha. Lembani tsiku limene mwachotsedwa pa tsamba loyamba la kope lija, ndipo muyambe ulendo wa ku ofesi ya Leba sabata yomweyo.